Dima la pa Masitepe a Mwala

Ine ndamanga nyumba moyo wanga wonse. Kafunseni ku Kasungu, kafunseni ku Mponela, akakuuzani. Zigafa za fodya, masitolo, tchalitchi chimodzi chokhala ndi nsanja ya belu, zonsezo ndi manja awa. Ndikaima pamwamba pa chipupa n'kukuwa kuti "Matope!" ankamva ndi a kutsidya kwa msewu. Ndiye pomva nkhaniyi musaganize kuti akulankhula ndi munthu wosadziwa njerwa.

Nyumba imene ndikunena ili kuno ku Glasgow, chakummwera kwa mtsinje. Anagula ndi mwana wanga wamkazi pamodzi ndi mwamuna wake, mkamwini wanga, amene ndi injiniya wa za madzi. Sanagule yonse ayi. Nyumbayo anaigawa ngati nyama ya pa ukwati, mabanja anayi, lililonse ndi chiwalo chake. Ife tinapeza chapakati, pamene kale panali pabalaza pa mwini wake. Ine ndi akazi anga tinabwera kudzalera zidzukulu. Zidzukulu zinakula n'kupita kutali ku sukulu, ife n'kutsala.

Tsiku limene ndinaiona koyamba ndinavula chipewa. Mmisiri amadziwa mmisiri mnzake ngakhale atafa kalekale. Miyala yake ndi yosema, yamtundu wa mchenga, yokhazikana bwino moti pakati pake simungalowetse nsonga ya mpeni. Khomo lili pakatikati penipeni, mawindo awiri uku, awiri uku, pamwamba chimodzimodzi. Mutaipinda pakati ngati chitenje, mbali ziwirizo zingakumane popanda yotsalira. Kumbali kuli windo lina lomwe si windo konse. Ndi mwala wokhawokha, anangoupaka utoto wakuda kuti mzere wa mawindo usaduke. Ndinaseka ndekha nditazindikira. Munthu ameneyu anali wamwano ngati ine.

Pakhomo pali nsanamira ziwiri zamwala, zozungulira, zosenza kadenga. Pamwamba pa chitseko pali galasi looneka ngati dzuwa limene latuluka theka. Mawindo satseguka ngati athu, amakwera m'mwamba ndi zingwe zobisika m'matabwa. Ndiye pali masitepe. Mwala weniweni, otakata, okumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu, ndi zitsulo zakuda zogwirira mbali zonse ziwiri. Ndi aatali ndithu, chifukwa pansi pathu pali zipinda zina zolowa theka m'nthaka, kumene kunali khitchini ndi kogona antchito. Bwana ankafuna kuti wobwera kudzamuona ayambe wakwera.

Mbiri yake anandiuza ndi mayi wachikulire wachizungu wokhala pamwamba pathu, mphunzitsi wopuma ntchito. Chingelezi changa ndi cha pa saiti ya zomangamanga, chake ndi cha ku Glasgow, koma tinkamvana. Anati mamangidwe amenewa amawatcha Jojiyani, a nthawi ya mafumu awo akale. Anamangitsa ndi wamalonda wina wolemera ndi fodya ndi shuga wa kutsidya kwa nyanja, zolima akapolo. Nthawi imeneyo kuno kunali minda, iye anathawa utsi wa m'tauni. Atafa inakhala ya dokotala, kenako sukulu ya atsikana, kenako maofesi, kenako ya nkhunda zokha, denga likudontha. Anafuna kuigwetsa. Anthu anakana, boma n'kuiika m'gulu la nyumba zotetezedwa.

"Fodya?" ndinatero ine. "Ndiye nyumbayi ndi yanga, mayi. Ine fodya ndamumangira zigafa mpaka msana kupindika."

Anaseka. Mawu oti "zotetezedwa" ndinawamva, koma ndinkayesa akunena za akuba.

Akazi anga anagwa m'bafa m'mawa wina. Sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mwendo ndi mkono womwe. Mawu anatsala ochepa, ndipo Chingelezi chimene anatola m'zaka zonsezi chinathawa chonse. Anagona m'chipatala miyezi. Ine tsiku lililonse pa basi, kukakhala pambali pa bedi, kuwauza nkhani mpaka anamwino kubwera kudzandipempha kuti nditsitse mawu.

Ndiye anatiitana achipatala, ine ndi mwana wanga. Anati mayi atha kutuluka, koma sadzayendanso, adzakhala pa wilitcheya. Ngati wilitcheyayo ingathe kulowa ndi kutuluka m'nyumba, abwerere kwawo, osamalira azibwera kudzathandiza. Ngati singathe, apite ku nyumba yosungirako okalamba.

"Kosungirako chiyani?" ndinafunsa mwana wanga.

"Okalamba, Ababa."

"Amayi ako ndi chimanga kuti akasungidwe? Ali ndi mwamuna. Ali ndi mwana. Uwauze amenewa."

Khomo lina tinalibe. Lakuseri linapita kwa banja la pansi pamene ankagawa nyumbayo. Njira yathu inali imodzi, masitepe aja.

Madzulo ake mkamwini anandikhazika pansi. Ndi mwana waulemu, sanandikwezerepo mawu.

"Bambo, pa nyumba iyi ngakhale msomali sitikhoma kunja popanda pemishoni. Tiyenera kujambulitsa mapulani, kuapulaya ku khonsolo, kenako kudikira."

"Kudikira mpaka liti?"

"Miyezi ingapo, mwina."

"Nanga achipatala adikira?"

Anangoyang'ana pansi.

"Nyumbayi munagula kapena munabwereka?"

"Tinagula, Bambo."

"Ndiye munthu amapempha kwa ndani kuti alowetse mkazi wake m'nyumba yake?"

Kwathu zinthu siziyenda choncho. Munthu akadwala, denga likagwa, munda ukakulira mwini wake, timaitana dima. Amayi amaphika thobwa, amuna amabwera ndi makasu, dzuwa lisanapendeke ntchito yatha. Ngati pali wina wofunika kumuuza, mumakamuuza pambuyo pake mutanyamula nkhuku, n'kupepesa, nkhani n'kutha. Ndani angakwiye ataona ntchito yabwino itaima kale?

Lamulungu lake, mapemphero atatha, ndinaima pakhomo la holo pamene anthu a kwathu amamwera tiyi. Sindinafune maikolofoni.

"Azibambo! Loweruka kwathu kuli dima. Mayi akutuluka m'chipatala, tikawakonzere njira."

Mmodzi, wowerengera ndalama ku banki, anandiyandikira. "Madala, koma pemishoni ilipo? Paja nyumba ija ndi yakale."

"Iwe, mkamwini wanga ndi injiniya. Ukufunsa chiyani?"

Sanafunsenso. Mwana woleredwa bwino safunsa wamkulu kawiri. Ndipo sindinaname, mkamwini wanga ndi injiniyadi. Kungoti sabata imeneyo anali ku ntchito ku Aberdeen, ndipo mwana wanga Loweruka lililonse ankaswera kuchipatala.

Anabwera. Ndikamakumbukira tsiku limenelo mtima umandiwawa chifukwa linali lokoma. Anthu a makompyuta, a mabanki, manja ofewa ngati mkate, atavala nsapato zatsopano zogulira tsiku lomwelo. Wina anabwera ndi vani yodzaza mchenga ndi simenti, wina wilibala, wina makina odulira zitsulo. Amayi anabwera ndi thobwa m'mabotolo akuluakulu ndi mandasi m'beseni.

"Iwe wa ku banki, fosholo sagwira ngati cholembera!"

"Madala, ine ndinabadwira ku Area 18, mundikhululukire."

"Ndi chifukwa chake! Sakaniza mpaka ione ngati phala la mwana."

"La mwana wa ndani, Madala, louma chonchi?"

Anaseka onse. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, mafosholo n'kumagunda motsatira. Ine ndinali nditabwerera pa saiti. Ndinadula zitsulo zogwirira za mbali imodzi, tinakhoma matabwa, tinathira miyala, kenako konkire, kuphimba theka la masitepe kuchokera pa chitseko mpaka pansi. Ndinasalaza ndekha ndi chipande changa chomangira chimene ndinabwera nacho kuchokera kumudzi. Pamwamba ndinakanda mizere kuti matayala asamaterereke.

Mayi wa pamwamba uja anatsegula windo. Nkhope yake inali itayera kuposa kale. Ankalankhula mofulumira, manja ali m'mutu. Ndinamukwezera kapu ya thobwa.

"Kwa mkazi wanga, mayi! Akubwera!"

Mwana wanga anafika madzulo anthu atapita. Anaima pa geti, chikwama chinagwa pansi.

"Ababa. Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndakonza njira ya amayi ako. Usaponde, sinaume."

"Mukudziwa kuti uwu ndi mlandu? Mukudziwa kuti atha kutitengera kukhoti?"

"Akabwera ndidzapepesa. Ugule nkhuku."

"Nkhuku!" Anakhala pansi pomwepo pa khoma la geti n'kuyamba kulira ngati wamva uthenga wa maliro. Ine zinandinyansa. Munthu wagwira ntchito tsiku lonse ndi msana wokalamba, m'malo mwa zikomo, misozi.

Konkire itauma ndinaiyesa ndekha. Wilibala, matumba awiri a simenti, kukwera ndi kutsika. Inkayenda bwinobwino.

Woyamba kubwera anali mtsikana wa kuchipatala, amene ntchito yake ndi kuona ngati nyumba ikuyenera wodwala. Anaika kachitsulo kake koyezera pa rampu, njira yanga ya konkire ija, n'kupukusa mutu. Mwana wanga ankamasulira.

"Akuti yatsetsereka kwambiri."

"Wilibala ikukwera."

"Akuti amayi si simenti. Potsika wilitcheya idzakukokani, mudzagwa nonse awiri mpaka pa geti. Kuti ikhale yoyenera iyenera kutalika mpaka kupitirira msewu."

"Ine mphamvu ndili nazo."

"Ababa, akuti sangasaine."

Wachiwiri anali mayi wa kuboma woyang'anira nyumba zakale. Ndinavala suti. Ndinkayembekeza munthu waukali, koma anabwera mayi wamng'ono thupi, wa jekete la mvula, wolankhula motsitsa. Anazungulira rampu yanga, anagwada, anakhudza pamene konkire yakumana ndi mwala. Anatola chidutswa cha chitsulo chimene ndinadula n'kuchigwira ngati fupa la m'bale wake.

Anati zitsulo zimenezo anasula ndi manja pamene nyumbayo inkamangidwa. Anati mwala uwu ndi wofewa, umamwa madzi n'kuwatulutsa, ndi chifukwa chake akale ankamangira laimu. Simenti imatsekera madziwo m'kati, chisanu chikabwera amaundana, mwala n'kuphulika.

"Umuuze kuti ine simenti ndaigwira iye asanabadwe," ndinatero.

"Akuti akukhulupirira. Akuti ntchito yanu ndi yolimba, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Pochotsa idzachoka ndi khungu la mwala."

"Pochotsa?"

"Ichotsedwe, Ababa. Ndipo osati ndi inu. Pabwere amisiri a miyala yakale."

Ndinayamba kukuwa. Anthu a m'nyumba zoyandikana anasuzumira. Ndinati nyumbayi anamanga ndi thukuta la akapolo, lero mukuiteteza ngati mwana wakhanda, koma munthu wamoyo, amene wabereka, amene walera, mukuti akagone kwa alendo. Ndinati mwala sumva kuzizira. Ndinati mwala suitana dzina la munthu usiku. Mwana wanga anasiya kumasulira, koma mayiyo ankamva ndithu.

Anayankha kuti nyumba zotetezedwa amazikonza kuti olumala azilowa, si zachilendo. Kumbali, pafupi ndi windo labodza lija, pakanatha kuikidwa kachikepe konyamula wilitcheya, kosakhudza masitepe. Akanatithandiza kufulumizitsa. Koma tsopano zayamba ndi kukonza zimene zawonongeka, ndipo mabanja ena atatu aja ayenera kuvomereza chilichonse, chifukwa masitepewo ndi a onse. Banja la pansi linali litakwiya kale, madzi a simenti anatsikira pa mawindo awo.

Ine sindinagwadirepo munthu chikulire changa. Ngakhale mzungu wa pa esiteti amene anandichotsa ntchito sindinamugwadire. Tsiku limenelo ndinagwada pa miyala yonyowa, ndi suti yanga, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Pepani, mayi. Ndapota nanu. Ingosiyani mpaka chilimwe. Alowe kaye. Mukatero mudzandimange ine, ndilibe nazo kanthu."

Mayiyo anachita mantha. Anandigwira mkono kuti andidzutse, maso ake ali ndi misozi. Anati alibe mphamvu yotero, ndipo ngakhale akanakhala nayo, achipatala akana kale. Kwathu munthu wamkulu akagwada n'kuwomba m'manja, mlandu umafewa. Kuno anangondibweretsera mpando ndi madzi akumwa.

Akazi anga anawatengera ku nyumba ya okalamba ya kufupi ndi Govanhill. Anati ndi kwa kanthawi. Ndi malo aukhondo, osamalira ake ndi anthu abwino, sindinganame. Koma palibe amene amamva Chichewa. Mayi akati akumva kuzizira, amawabweretsera tiyi. Akati mwendo ukuwawa, amawayatsira wailesi yakanema. Ndinkafika m'mawa n'kuwapeza atayang'ana chitseko.

"Mwabwera kudzanditenga?"

"Posachedwa, mayi. Njira ikukonzedwa."

"Mukukonza ndinu?"

"Ndikuyang'anira."

Kuyang'anira kwake kunali kwa pa windo. Amisiri aja anabwera awiri, ndi tizitsulo tating'ono ngati ta dokotala wa mano. Ntchito imene ife tinaimaliza tsiku limodzi tikuimba, iwo anaigogoda masabata, pang'onopang'ono. Ife tinkalowa podutsa pa thabwa m'mbali. Ndinkaona konkire yanga ikuchoka ndi zibenthu za mwala zitamatirira kunsi. Masitepe ena anawasema atsopano, oyera mbuu pakati pa akale. Zitsulo anazitumiza kwa wosula wina kutali. Mkamwini sanandinenepo kanthu. Ankangondipatsa moni m'mawa, "Mwadzuka bwanji, Bambo," n'kutuluka. Bola akananditukwana.

Azibambo a kumpingo ena anasiya kundiyang'ana m'maso. Wa ku banki uja ndiye anabwera yekha tsiku lina.

"Madala, masitepe atha. Kachikepe kaja sikanabwere, tikudziwa. Koma ife manja tili nawo. Bwanji Lamulungu tikawatenge mayi, adzadye kunyumba, madzulo tiwabweze?"

Mwana wanga anakapempha, a kumalo aja anavomera. Anati pofika madzulo akhale atabwerera chifukwa cha mankhwala ndi makina owanyamulira pogona, zimene ife kunyumba tinalibe.

Anabwera nawo pa galimoto yonyamula wilitcheya. Amuna anayi anagwira, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, mkamwini ali m'gulu. Ine ndinali pamwamba kulamula.

"Pang'onopang'ono! Iwe wa kumanzere kweza! Mwanyamula mayi, simunanyamule thumba!"

Analowa. Ndinawayendetsa chipinda chilichonse. Pabalaza anayang'ana m'mwamba, denga lalitali lija lokhala ndi maluwa a pulasitala m'mbali mwake, amene ankadandaula kuti tsache silifikako. Kuchipinda anandilozera kabati. Ndinatsegula, anafuna chitenje chawo chobiriwira, ndinawafunditsa pa miyendo. Anadya pang'ono. Amayi a kumpingo anaimba, iwo ankatsatira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kenako anagona tulo pa wilitcheya pomwepo, dzuwa la pa windo lalikulu likuwawomba. Sindinawaonepo atagona bwino choncho chigwereni.

Galimoto inabwera kunja kukuyamba kuda. Ndinawadzutsa.

"Mayi, tiyeni."

"Kuti?"

Mkamwini anakankha wilitcheya mpaka pa chitseko, anyamata n'kuwerama kuti anyamule. Pamenepo mayi anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kugwira felemu ya chitseko. Anagwira zolimba. Dzanja limene lasinja, lachapa, latunga madzi moyo wonse silimasuka wamba.

"Ayi," anatero. "Pano ndi panga."

"Amayi, mudzabweranso Lamulungu," anatero mwana wanga.

"Ayi."

Anyamata anaimirira, manja kumbuyo. Woyendetsa galimoto anayang'ana wotchi yake, kenako anayang'ana kumbali. Mwana wanga anayesa kugwira dzanjalo, mayi anamuyang'ana, iye n'kulisiya n'kuthawira kukhitchini. Ndinayang'ana mkamwini.

"Sangagone usiku umodzi wokha?"

"Bambo, tikaphwanya pangano lero sadzatilolanso kuwatenga. Ndipo tidzawakweza bwanji pa bedi? Akagwa?"

Mkamwini sangagwire dzanja la apongozi ake aakazi. Ana a eni sangagwire. Panatsala ine.

Ndinawerama. Ndinayamba ndi chala chaching'ono. Ndikamasula ichi, chija chabwerera. Ankandiyang'ana, osalira, osakuwa.

"Inunso, bambo?"

Ndinamasula zonse, ndinalisunga dzanjalo m'manja mwanga kuti lisagwirenso. Anyamata ananyamula. Ndinatsika nawo masitepe cham'mbali, ndisanalisiye, mpaka m'galimoto. Ndinakwera nawo. Njira yonse anayang'ana pa windo.

Mapulani a kachikepe anapita ku khonsolo. Banja la pansi silinavomerebe, akuti kadzawatchingira kuwala. Mwana wanga akuti mwina tigulitse tipeze nyumba yopanda masitepe, koma zimenezonso si za lero. Lamulungu lotsatira anyamata anafunsa ngati tikawatengenso. Ndinapita kukawafunsa eni ake. Anapukusa mutu. Anati akadzabwera adzabwere kudzakhala, za kucheza m'nyumba mwawo ngati mlendo sakuzifuna. Ndiye ndimapita ndine, m'mawa uliwonse, ndipo masiku ena salankhula nane.